Mtima ukamakana kugwirika: mmene mungapezere katswiri wa DBT mu Lilongwe

Mng'ono wanga anaswa foni yake yachitatu pakhonde la nyumba yathu ku Area 25 chifukwa cha meseji imene mnzake anaiwerenga koma osaiyankha. Timizere tiwiri ta pa WhatsApp tinasanduka tabuluu, panadutsa mphindi khumi, foni inapita pasimenti. Anakhala pomwepo n'kulira mpaka kunja kuda, akudzitukwana yekha, ndipo m'mawa mwake anadzuka n'kusesa pabwalo ngati dzulo kunalibe. Kunyumba tinali titatha mawu onse: ali ndi mtima wapachala, anamusasatitsa, akungofuna kuonedwa. Azakhali anati zimenezi n'zofunika kuphiri, kukasala kudya. Chimene iye mwini anadzanena pambuyo pake n'chakuti mtima wake ukakwera umafika kudenga nthawi imodzi, ndipo umachedwa kutsika.

Amene anandiuza koyamba za DBT, chithandizo cha anthu a mtima wotere, ndi mnzanga wina, namwino. Kuchokera tsiku limenelo kufika tsiku limene mng'ono wanga anakhala pansi ndi munthu woyenera panapita miyezi yambiri, ndipo ina mwa miyeziyo tinaitaya chifukwa sitinkadziwa chofunsa. Ndiye tiyeni tiyambe ndi chimenecho.

1. Dziwani chimene mukusaka musanatuluke pageti

DBT ndi chidule cha Dialectical Behavior Therapy. Si mankhwala akumwa ayi, ndi chithandizo cholankhulana ndi kuphunzira maluso. Anachiyambitsa ndi Marsha Linehan, katswiri wa za maganizo wa pa University of Washington mumzinda wa Seattle ku America, m'zaka za m'ma 1980, pomwe ankagwira ntchito ndi amayi oyesa kudzipha mobwerezabwereza. Kafukufuku woyamba wosonyeza kuti chikuthandiza anatuluka mu 1991. Mu 2011 mayiyu anaulula poyera kuti nayenso, ali ndi zaka 17, anagonekedwa m'chipatala cha matenda a m'maganizo kwa zaka zoposa ziwiri, akudzivulaza yekha. Poyamba DBT inali ya anthu omwe madokotala amati ali ndi borderline personality disorder, vuto lomwe mtima umasinthasintha mwamphamvu n'kumasokoneza ubale ndi anthu, koma lero ikugwiritsidwanso ntchito kwa achinyamata odzicheka, kwa ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, komanso kwa omwe amadya mosadziletsa mtima ukawawa.

Chimene Linehan anaona n'chimene ife kunyumba tinkalephera. Munthu wotere ukamuuza kuti "sintha khalidwe", amamva ngati wamunena kuti ndi woipa, ndipo amatseka chitseko. Ukamuuza kuti "usadandaule, ulibe vuto", amaona kuti sukuona moto umene akupsa nawo. DBT imagwira ziwirizi pamodzi: mmene ukumveramo n'zomveka tikaona kumene wachokera, komabe uyenera kuphunzira njira ina. Katswiri amene amangodziwa kutonthoza, kapena amene amangodziwa kukalipa, wagwira theka.

DBT yathunthu ili ndi mbali zinayi, ndipo muziloweze pamtima chifukwa ndizo muyezo wanu. Pali kukumana awiriwiri ndi katswiri kamodzi pa sabata, pafupifupi ola limodzi. Pali gulu lophunzira maluso, lomwe limakhala ngati kalasi, maola awiri kapena awiri ndi theka pa sabata, ndipo mumapatsidwa ntchito yokachitira kunyumba. Maphunzirowa amatenga masabata 24, ndipo nthawi zambiri amabwerezedwa kuti chikwane chaka. Pali mwayi woimbira foni katswiri pakati pa sabata zinthu zikafika povuta, kuti akukumbutseni luso logwiritsa ntchito nthawi yomweyo. Yachinayi inuyo simuiona: katswiriyo amakumana ndi anzake ochita DBT kuti azithandizana ndi kuwongolana.

Maluso nawonso ali m'magulu anayi: kuika maganizo pa chimene chikuchitika panopa popanda kuchiweruza, kupirira nthawi yowawa popanda kuonjezera vuto, kudziwa ndi kuwongolera zimene mtima ukumva, ndi kukhala bwino ndi anthu, monga kupempha kapena kukana popanda kuphulika kapena kudzigwetsa.

2. Gulani kope, lembani masabata awiri

Kope wamba la kusukulu ndi lokwanira. Madzulo aliwonse lembani chimene chinakuutsani mtima, mmene unakwerera kuyambira 0 mpaka 5, chimene munachita, ndi nthawi imene panatenga kuti ukhale m'malo. Lembaninso tulo, mowa kapena chamba ngati zilipo, ndi mankhwala alionse amene mukumwa.

Kopeli limathandiza pa chinthu chachikulu. Si kusinthasintha konse kwa mtima komwe kumafuna DBT. Munthu amene amakhala masiku angapo otsatizana osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, akuyankhula mosalekeza ndi kumwaza ndalama, kenako n'kugwa m'chisoni cha masabata, akhoza kukhala ndi matenda a bipolar, omwe amafuna mankhwala. Matenda a chithokomiro nawonso amasokoneza mtima. Kusiyanitsa zimenezi ndi ntchito ya achipatala, ndipo amaigwira bwino mukawapatsa zolembedwa m'malo mongoti "amangokwiyakwiya".

Koma ngati pali maganizo ofuna kudzipha omwe afika pokonza njira, kapena munthu wamwa kale china chake, za kope zisiyeni. Pitani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ndipo asasiyidwe yekha. Mankhwala a mbewu, a makoswe ndi mapilisi ochuluka achotsedwe m'nyumba. Ngati ndi mwana, nambala yaulere ya 116 ilipo.

3. Makomo oyamba kugogoda

Anthu ambiri akamva za matenda a m'maganizo amaganiza za Zomba Mental Hospital, ndipo mantha a kutchedwa "wa ku Zomba" amabweza ambiri pakhomo. Simukuyambira kumeneko. Mu Lilongwe muno muli St John of God ku Area 43, ya bungwe lomwe lakhala likugwira ntchito ya umoyo wa m'maganizo ku Mzuzu kwa zaka zambiri ndipo lili ndi sukulu yake kumeneko yophunzitsa anamwino, ma clinical officer ndi alangizi a za maganizo. Kumbali ya boma, yambirani pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu, kaya ndi Kawale, Area 18 kapena Area 25, kapena ku Bwaila, ndipo nenani momveka kuti mukufuna kuonana ndi wa za matenda a m'maganizo. Tengani buku la kuchipatala. Palinso akatswiri ogwira ntchito paokha m'maofesi awo mutauni muno.

Kulikonse kumene mwapita, funso n'limodzi: "Kodi pano, kapena kwina komwe mukukudziwa, alipo amene anaphunzira DBT?" Anthu a ntchito imeneyi m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana. Namwino amene sachita DBT akhoza kukupatsani dzina la amene amachita. Musachoke opanda dzina ngakhale limodzi.

Mayina a maudindo asakusokonezeni. Psychiatrist ndi dokotala, amapima matenda ndi kulemba mankhwala, ndipo m'Malawi muno alipo ochepa kwambiri. Ntchito yambiri ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa ndi ma clinical officer ndi anamwino ophunzira za maganizo. Psychologist amathandiza polankhulana, salemba mankhwala. Mlangizi maphunziro ake amasiyana munthu ndi munthu. Aliyense mwa amenewa akhoza kuphunzira DBT, ndipo udindo pawokha sukuuzani ngati anaiphunzira.

4. Onani mapepala

Izi n'zachidule. Madokotala ndi ma clinical officer amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Kwa wina aliyense, funsani kumene anaphunzira ndi bungwe limene limayang'anira ntchito yake. Aliyense akhoza kutsegula tsamba pa Facebook n'kudzitcha mlangizi, ndiye kupempha kuona satifiketi si mwano. Wodziwa ntchito yake sakhumudwa nazo.

5. Mafunso: apa ndiye pagona nkhani

Munthu woyamba amene tinamulipira anali atalemba DBT pa chikwangwani chake pamodzi ndi zilembo zina zambirimbiri. Anali mayi waulemu, ofesi yake yoyera, ndipo mng'ono wanga ankatulukamo atapepukidwa. Koma sabata iliyonse zinkayamba ndi "sabata yayenda bwanji?" n'kuthera pomwepo. Patatha masabata asanu ndi limodzi panalibe luso ngakhale limodzi lomwe anaphunzira, ndipo chitseko cha kuchipinda chinali chitathyoka. Safunsa anadya phula. Ife tinadya la masabata asanu ndi limodzi.

Pemphani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zolankhulana musanayambe kulipira za mwezi. Lembani mafunso papepala, chifukwa pamaso pa munthu wophunzira ambirife timangoti "chabwino" pa chilichonse.

Yambani ndi ili: "Munaphunzira kuti DBT, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji?" Maphunziro a masiku awiri ku Mponela si ofanana ndi maphunziro a miyezi okhala ndi womuyang'anira. Wina akhoza kuyankha kuti anachita kosi ya pa intaneti ndipo ali ndi womulangiza kunja. Limenelo ndi yankho labwino ngati akutha kutchula amene anamuphunzitsa. Ku America kuli bungwe la DBT-Linehan Board of Certification lomwe limapereka chiphaso kwa akatswiri, koma musayembekeze kuti aliyense wodziwa ntchito akhala nacho.

Kenako: "Mwa mbali zinayi za DBT, inu mumapereka ziti?" Munthu woona mtima adzakuuzani kuti gulu alibe, kapena kuti amangogwiritsa ntchito maluso ena a DBT mkati mwa uphungu wake. Ineyo wotereyu ndimamukhulupirira kuposa wonena kuti amachita zonse koma osatha kuzitchula.

Funsani mmene ola lanu lidziyendera. Mu DBT yeniyeni mumakhala ndi khadi lolembapo tsiku ndi tsiku, lomwe amalitcha diary card, ndipo kukumana kulikonse kumayamba ndi kuliyang'ana. Nkhani sizisankhidwa mwachisawawa. Choyamba ndi chilichonse choopseza moyo, chachiwiri ndi zosokoneza chithandizo monga kujomba kapena kusalemba khadi, chachitatu ndi zina zowononga moyo wa tsiku ndi tsiku monga mikangano, ngongole ndi mowa. Ngati munadzicheka Lachitatu, simudzayamba ndi nkhani ya abwana a kuntchito ngakhale mutafuna.

Funsaninso zimene amachita mukalakwitsa. Yankho lomwe mukufuna kumva ndi la kutsata unyolo wa zochitika, umene amautcha chain analysis. Mng'ono wanga anandionetsa wake woyamba, utalembedwa papepala lalitali. Unayamba usiku wa dzulo lake, pomwe anagona 2 koloko. M'mawa sanadye. Masana anaima nthawi yaitali padzuwa kudikira minibasi kudepoti. Kenako meseji yosayankhidwa ija, ganizo lakuti "wanditaya", kutentha pachifuwa, manja kunjenjemera, ganizo lachiwiri lakuti "aliyense amanditaya", ndiyeno foni pansi. Pa mfundo iliyonse katswiri anaikapo kachizindikiro posonyeza pomwe unyolo ukanadulidwa. Kwa zaka zonsezo ife tinkangoona mfundo yomaliza.

Za foni funsani mosapsatira: mungamuimbire maola ati, amayankha pakapita nthawi yaitali bwanji, ndipo akakhala kumaliro kumudzi muimbire ndani. Dziwaninso malamulo awiri omwe amadabwitsa anthu. Mu DBT ya akuluakulu, munthu akadzivulaza kale saloledwa kuimbira katswiri wake za uphungu kwa maola 24, chifukwa cholinga n'chakuti aziimba asanachite, osati atachita. Thandizo la kuchipatala likafunika limaperekedwabe. Lachiwiri n'lakuti ukajomba maulendo anayi otsatizana watuluka m'chithandizo mpaka nthawi imene munagwirizana itatha. Amene angakufotokozereni malamulo amenewa ndi zifukwa zake ndiye kuti sanangowerenga chikwangwani.

Pali mafunso ena omwe mabuku a ku Seattle sangakukumbutseni. Kodi mungalankhule Chichewa? Munthu amatha kugwira ntchito m'Chingerezi tsiku lonse ku Capital Hill, koma manyazi ndi mkwiyo wake zimatuluka m'chinenero cha amayi ake. Kodi katswiriyo adzalemekeza chikhulupiriro chanu popanda kusandutsa ola lanu kukhala ulaliki? Linehan anatenga luso loika maganizo pa panopa kuchokera ku kusinkhasinkha kwa Zen, yomwe ndi nthambi ya chipembedzo cha Chibuda, ndi kwa Chikhristu, koma limaphunzitsidwa ngati luso wamba, ndipo Mkhristu kapena Msilamu akhoza kulichita osasiya pemphero lake. Nanga achibale? Kwa achinyamata DBT imafuna kuti kholo kapena womulera aziphunzira nawo maluso. Kwa wamkulu, iye mwini ndiye amasankha amene alowe.

Ndipo chinsinsi. Lilongwe ndi mudzi waukulu chabe. Wolandira alendo paofesipo akhoza kukhala wa mumpingo mwanu, ndipo m'gulu la maluso mukhoza kupezamo mlamu wa mnzanu wa kuntchito. Funsani kumene mafayilo amasungidwa, amene amawaona, ndi nthawi imene katswiri angaulule nkhani yanu popanda chilolezo. Yankho loyenera n'lakuti pokhapokha moyo wanu kapena wa wina uli pachiswe, kapena lamulo likamukakamiza, ndipo adzayesetsa kukuuzani kaye.

6. Mukapanda kupeza zonse zinayi pamalo amodzi

Konzekerani zimenezi, chifukwa DBT yathunthu imafuna gulu la akatswiri, ndipo kuno akatswiriwo ndi ochepa. Musataye mtima, lumikizani zidutswa. Chidutswa chosayenera kusowa ndi maluso. Kafukufuku wa Linehan ndi anzake wa mu 2015 anasonyeza kuti chithandizo chokhala ndi maphunziro a maluso chinkachepetsa kudzivulaza kuposa chopanda maphunzirowo. Ndiye ngati gulu palibe, pemphani kuti katswiri azipatula nthawi yophunzitsa maluso motsatira ndondomeko, luso limodzi pa sabata ndi ntchito yake ya kunyumba, osati kumangotchula limodzi mwa apo ndi apo.

Ena amapeza katswiri wa kunja pa Zoom kapena WhatsApp. Wa ku South Africa ali ndi ubwino woti nthawi yathu ndi yawo n'chimodzimodzi, ndipo dzina lake mukhoza kulifufuza m'kaundula wa Health Professions Council of South Africa pa intaneti. Nairobi ili patsogolo ndi ola limodzi. Mufunseni ngati malamulo a kwawo amamulola kuthandiza munthu wokhala ku Malawi. Musanavomere, ganizirani za bandulo ya ola lathunthu la vidiyo sabata iliyonse, za tsiku lomwe magetsi athima, ndi za malo olankhulira. M'nyumba ya zipinda ziwiri yokhala anthu asanu ndi awiri simunganene za mumtima. Mng'ono wanga ankakhala m'galimoto ya achimwene itaimikidwa kuseri kwa nyumba, mawindo otseka.

Chofunika koposa: munthu wa ku Johannesburg sangathamangire nanu kuchipatala usiku. Pakhale wachipatala wa kuno amene akudziwa nkhani yanu, ndipo awiriwo, mwa chilolezo chanu, azitha kulankhulana.

7. Ndalama

Werengerani miyezi isanu ndi umodzi, osati ulendo umodzi. Phatikizani malipiro a katswiri, a gulu ngati lilipo, ndi ya minibasi kapena kabaza popita ndi pobwera. Wochokera ku Chinsapo kapena ku Area 23 kupita ku Area 43 akwera kangapo, ndipo theka la tsiku lapita. Ngati muli pa MASM kapena sikimu ina ya kuntchito, imbani mufunse ngati amalipira chithandizo cha psychologist, kangati pa chaka, komanso ngati pakufunika kalata ya dokotala. Funsani katswiri ngati amatsitsa mtengo kwa opeza zochepa, ndiponso ngati mumalipira tsiku limene mwalephera kubwera. Kuli bwino munthu wapafupi yemwe mungakwanitse kumuona sabata iliyonse kusiyana ndi wotchuka yemwe mudzamuona kawiri n'kusiya.

8. Mwezi woyamba ndi woyesana

Maulendo oyambirira mu DBT ndi okonzekera. Katswiri amamva mbiri yanu, amakufotokozerani mmene chithandizo chimayendera, mumagwirizana zolinga, ndipo amakupemphani kulonjeza kuti mukhalamo kwa nthawi yakutiyakuti ndi kuyesetsa kukhala ndi moyo. Nanunso mukumuyesa. Pakutha pa maulendo anayi dzifunseni: kodi ndili ndi khadi lolembapo? Kodi tili ndi dongosolo lolembedwa la chochita zikavuta usiku? Kodi ndaphunzira luso ngakhale limodzi? Kodi ndinamuuzapo chinthu chochititsa manyazi, iye osasintha nkhope?

Kumukwiyira katswiri si chizindikiro choti ndi wolakwika. Kwa anthu a mtima wotere zimachitika kawirikawiri, ndipo mu DBT nkhani imeneyo imaikidwa patebulo. Muuzeni kuti "zimene munanena sabata yatha zinandipweteka", muone chimene achite. Wabwino amamvetsera, amavomera pomwe walakwitsa, ndipo sakusiyani kuti muthawe ntchito. Koma chokani msanga kwa amene akukuchititsani manyazi, amene akukuuzani kusiya mankhwala popanda dokotala, amene akulonjeza kuti muchira m'masabata atatu, amene akukamba za odwala ena ndi mayina awo, kapena amene wayamba kukutumizirani mameseji achikondi ndi kufuna kukumana nanu kumalo omwera. Womalizayu mukamunenere ku bungwe lomwe linamulembetsa.

Luso loyamba lomwe mng'ono wanga anabwera nalo kunyumba linali la beseni. Mtima ukafika pa 5, pomwe mutu sukumvanso mawu, umathira madzi ozizira kwambiri m'beseni, umagwira mpweya, n'kumiza nkhope kwa masekondi pafupifupi 30. Thupi limachita ngati walowa pansi pa madzi, ndipo kugunda kwa mtima kumatsika. Amene ali ndi matenda a mtima, kapena akumwa mankhwala ochepetsa kugunda kwa mtima, afunse kaye dokotala asanayesere. Tsiku lina madzulo ndinamupeza kubafa atagwada, nkhope ili m'beseni lochapira, botolo la madzi a mufiriji lili pambali, foni ili pawindo yosasweka. Anadzutsa mutu, madzi akuyenderera m'khosi, n'kunena kuti, "Achemwali, tandipatsirani thaulo ndi kope lija."